Tenti Yofika Maliro Asanamveke

Bambo Kapambwe sankachedwa pa maliro. Ku Kanyama anthu ankanena kuti munthu akangotsirizika, mayi woyamba kulira asanapume n'komwe, kanta yawo, lole yaing'ono yoyera, imakhala itakhota kale pangodya, itasenza tenti yobiriwira, nkhuni ndi makatoni a nkhuku. Pa tentiyo panalembedwa dzina lawo m'zilembo zonenepa, zoti ngakhale wodutsa pa minibasi awerenge. Eni akewo ankafika pambuyo, nsapato zikunyezimira pakati pa matope, n'kukhala pa mpando wakutsogolo. Anali ndi mabutchala ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama, ndipo sankabisa kuti ankafuna ukhansala. Tsiku lina tenti ya tchalitchi itawapitirira pa maliro a mphunzitsi wina, anachotsa ntchito dalaivala wa kantayo. Kuyambira pamenepo antchito awo sankadikira kuuzidwa.

Tenti yomweyo ndi imene Nsofwa Kabaso anaipeza itakhomedwa pakhomo pa Enos Miti.

Nsofwa anali mtolankhani wa wayilesi yaing'ono ya Mphambano, imene inali pamwamba pa sitolo ina ku Kamwala. Ntchito yake inali kufukula zimene anthu akwirira, ndipo Enos ndiye anamusonyeza pokumba. Enos ankayendetsa lole ya a Kapambwe. Magetsi akazima nthawi yaitali, nkhuku za m'mafiriji zimaola, ndipo lamulo limati zikatayidwe kudzala la ku Chunga. Malinga ndi Enos, loleyo inkafikadi ku Chunga, koma inkatayako makatoni apamwamba okha. Otsalawo ankapita kuseri kwa nyumba ina ku George, kumene nkhukuzo ankazitsuka m'mankhwala oyeretsera zovala, n'kuzidula, n'kuzipaka tsabola. Madzulo ake zinkapsa pa mbaula kutsogolo kwa mabala. Ana angapo anali atagonekedwa kale kuchipatala.

Zonsezi Enos anazinena m'kachojambulira mawu ka Nsofwa, atamulumbiritsa kuti mawu akewo adzasinthidwa ndipo dzina silidzatchulidwa. Pulogalamuyo inali isanaulutsidwe. Tsopano Enos anali m'mochale, atavuulidwa m'chidzenje chodzaza madzi chimene ophwanya miyala anasiya kumalire kwa komboni, kutali ndi kwawo. Apolisi anati anagweramo ataledzera. Enos ankamwadi, choncho palibe amene anatsutsa. Mkulu wake, Eugene, anali atauza apolisi kuti banja silikufuna kuti thupi ling'ambidwe, ndipo a Kapambwe anali atagula bokosi. Kuika kunali mawa lake. Dothi likangotsekera, chimene chinapha Enos chinali choti chiole naye limodzi.

Nsofwa anamanga chitenge pamwamba pa jinzi. Mipando yonse inali itatulutsidwa m'nyumba, amuna ali m'tenti, akazi ali pansi m'kati. Iye anazungulira kuseri kumene amayi ankaphika, poti anaphunzira kale kuti pa maliro nkhani zimakhala kumoto.

Kumeneko anapeza Ketty, mnansi wa khomo loyang'anana, wogulitsa vitumbuwa, Mbemba wa ku Kasama wokhala ndi mawu ngati a kondakitala. Ketty anali ndi ufa m'manja. Mlongo wa Enos atadutsa pafupi, anamupaka nawo kumaso n'kumuuza kuti aleke kulira, m'bale wakeyo wangopita kumene mbewa n'zonenepa. Mlongoyo anaseka misozi ili m'masaya. Ndi mmene zilili pakati pa Abemba ndi Angoni, chimbuya. Pa maliro a Mngoni, Mbemba amanena chilichonse, amatha kutseka njira ya bokosi akafuna, ndipo ofedwa saloledwa kukwiya.

"Imwe ba nyuzi, Kabaso ni dzina ya kwathu," anatero Ketty atamva dzinalo. "Manje muimilira monga mlendo chifukwa chani? Tengani unga mubapake aba bakudya mbeba."

Nsofwa anati iye anabadwira ku Matero, zachimbuyazo ankangoziona kwa ena. Ananyonyomala pafupi ndi beseni n'kuyamba kudula repu, kenako anafunsa mmene uthenga unafikira.

Ketty anati unafika dzulo dzuwa litapendeka. Enos sanagone kunyumba, ndipo mkazi wake Elina anaganiza kuti wagona kuntchito monga ankachitira lole ikachedwa. Foni itakhala yosagwira mpaka masana, Elina anapita kupolisi. Kumeneko anamuuza kuti kuli mtembo wa mwamuna wosadziwika umene anautola m'mawa, wopanda foni, wopanda reji kapena chiphaso china chilichonse. Anapita kumochale ndi mlamu wake Eugene n'kukamuzindikira. Anatsika minibasi akulira, ndipo ndi pamene msewu wonse unadziwa.

"Koma ba Kapambwe beve banunkhiza imfa monga galu," anatero Ketty akuvundula mphika. "Tenti inabwera kuseni. Nenze nikali kuika vitumbuwa voyamba mu mafuta ya saladi."

Nsofwa sanasiye kudula repu.

"Kuseni kwa mailo?" anafunsa, pofuna kutsimikiza kuti linali dzulo lomwelo m'mawa.

"Mailo. Elina enze kupyanga panja, mipando yonse ili mukati. Nati ba neba, muli na kicheni pate simunatiuze? Elina anabapitikitsa ba dalaiva, ati mwasoba nyumba, kuno kulibe maliro. Kanta inachoka, koma siinayende patali. Inaimilira paja pa kantemba ka ba Chipego mpaka Elina anabwera alira."

Kwa Ketty inali nkhani yoseketsa, ndipo anali ataifotokoza kale kwa amayi onse a kumotoko. Anapakula nkhuku m'mbale n'kupatsa Nsofwa. Nsofwa anayang'ana makatoni opanda kanthu amene anaunjikidwa pakhoma, onse a dzina limodzi, n'kunena kuti anali atadya kale.

*

Dalaivala wa kantayo anali Wilbroad, mwamuna wamfupi wa ana anayi amene sankachotsa kamtengo ka machesi pakamwa. Nsofwa anamupeza akutsuka galimotoyo pa mpope wa kuseri kwa butchala ya ku Kanyama. Ataona kachojambulira, anati akaike m'chikwama, mawu ake ndi oipa, angathyole wayilesi za anthu.

Poyamba anayankha mosavutika, ngati munthu amene anauzidwa kale choyankha. Anati tentiyo inali yopita pa maliro a mdala Luse, mumsewu womwewo, ndipo iye anasokoneza nyumba. Nyumba za ku Kanyama zimafanana, zonse mabuloko ndi matayala padenga.

Nsofwa anali atadzera pa kantemba kaja, kagolosale ka a Chipego, asanabwere kuno. Anauza Wilbroad kuti mdala Luse anaikidwa sabata yatha, ndipo amene anatsitsa nkhuni pa maliro amenewo anali Wilbroad yemweyo. A Chipego ankakumbukira bwino chifukwa tsiku limenelo kantayo inawagundira benchi. Ankakumbukiranso kuti dzulo Wilbroad anakhala pa benchi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, maso ali pakhomo pa Enos.

Wilbroad anasuntha kamtengo kuchoka mbali ina ya pakamwa kupita ina. Anatsuka tayala limodzi nthawi yaitali.

"Ba sisi, ine nine chabe mawilo," anatero. "Mu yadi muja ukamvera ati uje wasila, wamwalira, suyembekeza. Uja anayembekeza, lelo agulitsa masokosi pa maketi ya Soweto."

"Anakamba ndani kuti Enos wasila?"

Wilbroad anayang'ana kuchipata, kenako anafotokoza motsitsa mawu, msana ataulozetsa kubutchala. Anati dzulo anafika pantchito kukungocha, akudutsa pansi pa zenera la ofesi, ndipo anamva abwana akulankhula pa foni. Anamva dzina la Enos, anamvanso abwanawo akufunsa kawiri ngati watsirizikadi. Palibe amene anamutuma. Iye anangochita zimene ankachita nthawi zonse: anakweza tenti, nkhuni ndi makatoni, n'kuthamanga. Atapeza mkazi akusesa ndiponso mipando isanatulutsidwe, anaimbira abwana kufunsa ngati wamva molakwika. Anati chiyambire ntchito sanatukwanidwepo ngati mmene anatukwanidwira pa foni imeneyo. Anamulamula kuti achoke pomwepo.

"Nanga munaimilira chani pa kantemba?"

"Kuti tenti ina ibwere itipitilire? Ninshi nchito yasila." Ananena zimenezi mopanda nthabwala, ndipo Nsofwa anaona kuti mpaka pano munthuyu ankaona kuti pamenepo ndi pamene anachita mwanzeru.

Anamufunsa ngati anganene zomwezo kupolisi. Wilbroad anaseka. Anati apolisi sadyetsa ana ake, ndipo mawa akangoika maliro wauzidwa kuti apite ndi kanta ku Solwezi, akakhaleko mpaka ataitanidwa.

"Sininakambe na imwe," anatero, n'kutsegula mpope mwamphamvu mpaka madzi anathovukira pa chitenge cha Nsofwa.

*

Elina anali pakona ya chipinda chochezera, pamatiresi, mutu utafundidwa chitenge chakuda. Abale ake a ku Lundazi anali asanafike. Kumanja kwake kunakhala mkazi wa a Kapambwe, kumanzere mnzake wa mkaziyo wa kutchalitchi, ndipo aliyense wobwera kudzapepesa ankadutsa m'maso mwawo. Nsofwa anadikira pakati pa amayi ena, akuimba nawo nyimbo zimene ankazidziwa theka, mpaka mkazi wa a Kapambwe anatuluka kukayankha foni ndipo mnzake uja anayamba kuodzera.

Anakwawa ndi mawondo n'kugwira dzanja la Elina. Anati iye ndi wa kuwayilesi uja.

Elina sanadzutse mutu. Analankhulira pansi pa chitenge, milomo yokha ikuyenda. Anati Enos anamuuza za wayilesiyo, ndipo iye anamuletsa. Anati kumochale anaona kumbuyo kwa mutu kutaphwanyika, anaonanso mizere m'mikono yonse iwiri, pamene pamadutsa chingwe. Anauza mlamu wake Eugene ali pakhomo pa mochale pomwepo. Eugene anayankha kuti m'dzenje muja muli miyala, ndipo akayamba zong'amba thupi ndani adyetse anthu onsewa masiku owonjezera, bokosi ligulidwe ndi yani.

"Ba Eugene sibali boipa," anatero Elina. "Bayopa chabe. Bakachita manyazi pa menso pa banthu, bangasinthe."

Nsofwa anamufunsa ngati iye mwini sangapite kupolisi.

"Ine mpaka baike nilibe pakamwa. Nikanyamuka chabe pano bazakamba ati ndine ninamupaya." Dzanja lake linafinya la Nsofwa kamodzi n'kulisiya. "Imwe muli napo pakamwa."

Mkazi wa a Kapambwe anabwerera, ndipo Nsofwa anakwawa chafutambuyo.

Panja anapeza a Kapambwe atafika. Anali m'tenti yawo, Eugene ali pambali pawo atagwira chipewa m'manja. Ataona Nsofwa anamukodola ndi chala, n'kumupatsa moni wa Chibemba wautali, womufunsa za makolo ndi za kumudzi kumene iye sanapiteko. Ankamutchula kuti mwana wanga. Anati Enos anali ngati mwana wawo woyamba, ndipo mowa watha anyamata abwino ambiri m'komboni muno. Nsofwa atafunsa za tenti yofika m'mawa, anatchula mdala Luse, mawu ake ofanana ndendende ndi a Wilbroad, mpaka matayala a padenga. Atafunsa kumene iwo anali usiku wa dzana, anati anali pa mapemphero ochezera ku Chawama, ndipo mpingo wonse ungachitire umboni, poti jenereta ya tchalitchiyo anagula ndi iwo.

Nsofwa anathokoza n'kutembenuka.

"Mukabapatse moni ba Dalton," anatero a Kapambwe kumbuyo kwake. "Ija nkhani yanu ya nkhuku, mwana wanga, ninaimverako pang'ono. Munajambula bwino. Mau yamveka monga munthu ali pafupi."

*

Dalton anali mkonzi wa nkhani pa wayilesi ya Mphambano. Ndiye anaphunzitsa Nsofwa ntchito, ndiye anamuuza tsiku loyamba kuti mtolankhani angataye foni, nsapato ngakhale mano, koma osati dzina la amene wamuuza nkhani. Lamulo la pawayilesipo linali lakuti mkonzi amve zojambulidwa zonse zisanasinthidwe mawu. Choncho anthu amene anamva mawu enieni a Enos anayenera kukhala awiri okha.

Anamupeza akudya chinangwa chootcha ndi mtedza pa desiki. Kasipika ka pakhoma kankatulutsa zimene zinali pamphepo nthawi imeneyo, ndipo Nsofwa asanakhale pansi munamveka nyimbo yatsopano yotsatsa malonda, ana akuimba kuti nkhuku ya kwa Kapambwe ndi nkhuku ya banja lonse.

Dalton sanakane. Anati anachita zimene buku la ntchito limanena: munthu woimbidwa mlandu ayenera kupatsidwa mpata woyankha. Anapita ku ofesi ya a Kapambwe, ndipo iwo anati zonsezo n'zopeka, palibe wantchito wawo amene anganene zotero. Kuti awasonyeze kuti wayilesi siikunama, Dalton anawaseweretsa kachigawo kakang'ono pa foni yake. Katswiri wosintha mawu anali kumaliro ku Kabwe sabata imeneyo.

"Sininachule dzina," anatero Dalton.

"Anabayendetsera lole zaka zonse izi. Mau yake bangayasobe?"

Dalton anasasa makoko a mtedza pa malaya. Anati zimene zachitika n'zomvetsa chisoni, koma palibe amene angatsimikize kuti zikugwirizana. Tenti si umboni. Dalaivala amene akukana kujambulidwa si mboni. Mkazi wamasiye aliyense amaona zingwe m'mikono ya mwamuna wake. Anati pulogalamuyo yaimitsidwa, zojambulidwazo wazifufuta mu kompyuta ya pantchito pofuna kuteteza onse, ndipo malonda amene akumvekawo ndi amene alipire anthu onse a m'chipindamo mwezi uno, kuphatikizapo iye Nsofwa.

Nsofwa anafunsa ngati malondawo anabwera asanapite ku ofesi kuja kapena atabwerako. Dalton anakankhira mbale ya mtedza pambali.

"Mvera, mufana wanga," anatero. "Ukabwelera ku Kanyama na ako kamashini, usiye kadi pa desiki pano. Sinizakuchinjiliza."

Khadi la utolankhani linali pa chingwe m'khosi mwake, pansi pa bulauzi. Analitenga movutikira, ataphunzira madzulo kwinaku akugulitsa salaula, zovala za kaunjika, masana. Analivula, n'kuliika pafupi ndi mbale ya mtedza, n'kutsika masitepe.

*

Ankachita lendi chipinda chimodzi ku Mtendere, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wopuma pantchito. Anafika dzuwa lisanalowe, anakhala pabedi n'kuyala zimene anali nazo. Mawu a Enos anali akadali m'kachojambulira kake, koma analibenso wayilesi yowaulutsira. Apolisi sakanang'amba thupi popanda banja kupempha, ndipo banja linali Eugene, munthu wamantha amene anakhala pansi pa tenti ya mwini bokosi. Wilbroad mawa madzulo adzakhala ali pa msewu wa ku Solwezi. Chotsala chinali chimodzi chokha, chimene msewu wonse unaona ndi maso n'kuchiseka: tenti inafika mipando ili m'nyumba.

Mtolankhani akafunsa zimenezo pa maliro, anyamata a Kapambwe amunyamula n'kukamuponya kumsewu, ndipo anthu adzati wachita bwino kuchotsedwa, alibe ulemu. Anakhala akuyang'ana ndowa ya ufa imene inali pakona. Kenako anaimbira Ketty.

Ketty anayankha pakati pa phokoso la mapoto. Nsofwa anamufunsa mmene mawa zidzayendere. Ketty anati bokosi lidzachoka kumochale m'mawa, lidzaima panyumba kuti anthu aone nkhope, kenako lole ya ku manda.

"Ba Ketty, mbuya, uja wa chimbuya, akankhala pa njira ya bokosi, achokapo liti?"

"Akafuna yeka. Olo bamuponyele kandalama."

"Nanga akakana ndalama? Akakamba ati nifuna chabe baniyankhe funso imodzi?"

Mapoto aja anamveka patali, ngati Ketty wachoka pamoto.

"Ninshi bokosi siyenda," anatero. "Kulibe Mungoni angamugwire. Ni nsoni zikulu." Anatsitsa mawu. "Koma ba Kapambwe ni Babemba banzathu. Beve chimbuya sichibamanga."

"Niziba. Funso ni ya ba Eugene. Ba Kapambwe bazamvera chabe, pamodzi na banthu bonse."

"Funso bwanji?"

"Yamene munaseka imwe. Ya kicheni pate."

Ketty anapuma mokoka. Nsofwa anamva kuti mayiyo akubwereza m'mutu nkhani yake yoseketsa ija, kuyambira pa vitumbuwa zoyamba mpaka pa kantemba, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Imwe simuziba na nyimbo zake," anatero pomaliza. "Bwelani mugone kuno. Nizakuphunzitsani. Na ba Chipego ni ba kwathu, tizankhala batatu pa geti."

Nsofwa anatsitsa chikwama pa msomali. Anaikamo vitenge viwiri, bulangete lopyapyala, duku wakuda, mswachi ndi mabatire. Kachojambulira anakakulunga m'sokosi n'kukalowetsa m'thumba la m'mbali, pamene dzanja lingafike osayang'ana. Anauza mayi mwini nyumba kuti akupita kumaliro ndipo sakudziwa tsiku lobwera. Wina akabwera kudzamufunsa, anene kuti anasamuka.

Atabwerera m'chipinda anatsegula ndowa ija, anatapa ufa ndi kapu n'kuthira m'pepala la pulasitiki, anatapanso kachiwiri, n'kumanga mfundo. Anauika pamwamba pa zonse, n'kutseka zipi.